Mphindi Khumi Zimene Tinamumana Mnzathu

Achinyamata anzathu, sabata ino tikufuna tikuuzeni za ulendo wina umene tinayenda m'chaka cha 2010, pamene tinali m'chaka chotsiriza pa koleji ina ku Zomba. Tinalipo anyamata asanu amene tinasewera limodzi mpira wa miyendo kwa zaka zinayi, ndipo tinkadziwa kuti nyengo ya masewera imeneyo ndiyo inali yathu yomaliza.

Chaka chimenecho mpira unali pakamwa pa aliyense. Mu Januwale timu ya dziko lathu, motsogozedwa ndi a Kinnah Phiri, inagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0 ku Luanda. Mu Juni mpikisano wa dziko lonse unayamba ku South Africa, koyamba kuchitikira mu Africa muno. Ife tomwe tinkadziona ngati akatswiri, ngakhale jombo zathu zinali zosokedwa ndi ulusi wa nsapato ndipo mipira tinali nayo iwiri yokha.

Masewera athu otsiriza anali a ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Tinanyamuka tambala woyamba atangolira, titapanikizana m'basi yaing'ono, zikwama zili pamiyendo. Tinadutsa Domasi kudakali mdima. Pa Liwonde kunatichera tikuwoloka Shire, nkhungu itayala pamadzi, asodzi akupalasa mabwato awo mwakachetechete. Titadutsa Balaka tinalowa mumsewu wa M1 pa Chingeni. Pa Lizulu, pamene msewu umayenda m'malire ndi dziko la Mozambique, tinasonkherana timakobidi n'kugula mbatatesi yokazinga, tonse n'kumapisa dzanja m'jumbo imodzi. Ku Dedza mphepo ya Juni inatiluma mpaka tinafundizana majuzi.

Zonsezi tikuzifotokoza bwino lero, koma tsiku lija sitinazione n'komwe. Mitima yathu inali itafika kale pabwalo. Tinkangowerengera zigoli, kukangana za amene adzamenye penate, ndi kudandaula kuti dalaivala akuchedwa.

Mmodzi yekha mwa ife asanu ndiye anali maso. Tinkamutchula kuti Wandowa, chifukwa kwa zaka zinayi ntchito yake inali yonyamula ndowa ya madzi ndi kuchapa yunifolomu. Kokonzekera masewera sanajombepo, koma luso lake linali lochepa, choncho malo ake anali pabenchi. Iyeyo ndi amene anatigwedeza pa Liwonde kuti, "Amwene, tadzukani muone mtsinje. Kodi tidzawolokanso pano tonse pamodzi?" Ife tinamuseka n'kufundanso.

Masiku amenewo malamulo ankalola kusintha osewera atatu okha, osati asanu monga zilili tsopano. Kutatsala mphindi khumi, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, mphunzitsi wathu anali atasintha kale awiri. Anatiitana ife akuluakulu a timu m'mbali mwa bwalo natifunsa ngati tingalole kuti Wandowa alowe, popeza linali tsiku lake lomaliza. Tinayang'anana. Kenaka tinayankha kuti, "Aphunzitsi, pepani, ino si nthawi yachifundo." Analowa mnyamata wa chaka choyamba. Patangopita mphindi zitatu adani athu anamwetsa chigoli, ndipo kherere womaliza analira titagonja.

Pobwerera m'basi munali zii. Wandowa ndiye anadutsa mpando ndi mpando kutigawira madzi otsala. Sanatinene, sanatiyang'ane ndi diso loipa. Titafika pa Ntcheu anayambitsa nyimbo, ndipo mmodzimmodzi tinayamba kuvomera, manyazi ali tho. Yunifolomu yake inabwerera ku Zomba ili yoyera ngati mmene inachokera.

Papita zaka zoposa khumi ndi zisanu. Asanu aja tinabalalika: wina akuphunzitsa ku Karonga, wina anapita ku Johannesburg kukasaka ntchito, wina tinakamuika m'manda. Tikakumana otsalafe, palibe amene amakumbuka dzina la amene anatimwetsa chigoli chija. Timakumbuka mbatatesi ya pa Lizulu, kuzizira kwa ku Dedza, ndi mphindi khumi zimene tinamumana mnzathu. Tikanapambana mwina sitikanaona n'komwe kulakwa kwathu. Kugonja ndi kumene kunatitsegula maso.

Tinadzamupepesa patapita nthawi, pa ukwati wa mmodzi wa ife. Anangoseka nati ulendo uja ndi umene anaukonda koposa maulendo onse, chifukwa ankadziwa kuti ngwotsiriza, ndiye anayang'ana chilichonse. Apo mpamene tinazindikira kuti amene sanasewere ndiye anaidya bwino nyengo ija, pamene ife osewera tinangoidutsa tikuthamanga. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ife tinasiya wapamphuno n'kumathamangira chikho chimene sitinachigwire n'komwe.

Ena mwa inu muli m'Fomu 4, ena mukutsiriza koleji, ena mukuimba komaliza m'kwaya ya achinyamata musanasamuke. Sitikunena kuti musalimbike. Limbikani ndithu, pakuti kupambana n'kokoma. Koma mukakwera basi ya timu yanu, musagone njira yonse. Yang'anani pawindo. Mverani nthabwala za mnzanu ngakhale munazimva kale kakhumi. Thokozani mayi amene amakuphikirani, ndi dalaivala amene amakudikirani mpaka usiku. Ndipo funafunani pakati panu amene amanyamula ndowa, mumudziwe dzina lake lenileni, mumupatse mphindi zake nthawi ikadalipo.

Ife tikamawoloka Shire pa Liwonde masiku ano, timapempha wokhala kuwindo kuti atsegule pang'ono.