Kuzizira kuli ndi muyezo wake

Ndine mmisiri wa mafiriji. Kwathu ndi kwa Kaduya m'boma la Phalombe, ndipo ntchito imandiyendetsa pa njinga yamoto kuchoka pa Migowi kupita pa boma, mpaka ku Chiringa kuseri kwa phiri la Michesi. Kumbuyo kwa njinga ndimamanga bokosi la zida: mageji, kasilinda ka gasi, pampu yokokera mpweya m'mapaipi, malodi owotcherera, mita yoyezera magetsi ndi kabotolo ka madzi a sopo kofufuzira pamene pakutuluka gasi. Koma chida chimene ndimachidalira koposa ndi chimene chimakwana m'thumba la malaya, thermometer, koyezera kuzizira.

Ntchitoyi ndidaiphunzira ku Limbe kwa amalume anga. Tsiku loyamba sadandipatse sipanala. Adandigwira dzanja n'kuliika kumbuyo kwa firiji imene inkalira, ndipo ndidamva kutentha. "Mphwanga," adatero, "firiji sipanga kuzizira. Imatola kutentha m'kati n'kukataya panja. Ukamvetsa zimenezi wamvetsa ntchito yonse." Kenaka adandikumbutsa mtsuko wa agogo umene unkakhala pa ngodya ya nyumba. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, n'kumauma ndi mphepo, ndipo pouma amachoka ndi kutentha. N'chifukwa chake madzi a mu mtsuko amazizira ngakhale mu Okutobala. Mu firiji zimachitika chimodzimodzi. Gasi amalowa m'mapaipi a m'kati ali ngati madzi, amasanduka nthunzi n'kumwa kutentha kwa katundu, kompresa imamukoka n'kumupanikiza, ndipo m'mapaipi a kunja amataya kutenthako n'kubwerera mwakale. Ndalama ya magetsi imathera pa kompresa. Ikamalira, mita ikudya mayunitsi. Ikapuma, mita nayo yapuma.

Nditabwerera kumudzi ndidapeza kuti magetsi afika m'misika yambiri kudzera mu pologalamu ya MAREP, ndipo aliyense wa golosale akulakalaka dipifiriza. Ena adagula zatsopano, ena zogwirapo kale ntchito, ena adatumiziridwa ndi abale a ku Joni. M'menemo amaikamo zonse: zakumwa za m'mabotolo, thobwa, mafilizesi a ana asukulu, nkhuku, soseji, nsomba za ku Chilwa. Ndinkayembekezera kuti ntchito yanga yaikulu ikhala kukonza mafiriji osaziziritsa. Zaka zimenezi zandiphunzitsa kuti matenda ofala kuno ndi kuziziritsa mopyola muyezo.

Chaka china m'mwezi wa Okutobala adandiimbira foni mayi wina wa golosale. "Amisiri, tabwerani msanga, firiji yatha gasi." Nditafika ndidapeza dipifiriza itagunda khoma, pansi pa malata opanda siling'i, mbali zonse atazunguliza makatoni a sopo ndi thumba la mpunga. Nditatsekula, ayisi anali atamera m'mbali kukula ngati chikhatho changa. Pansi panali mabotolo atatu osweka. Kofungulira kuzizira kanali katapotokoledwa mpaka pa nambala yomaliza, ndipo kompresa inali yosagwirika ndi kutentha.

"Mayi, iyi idapumako liti?"

"Kupuma? Imalira usana ndi usiku. Si ndiye kulimba kwake, achimwene?"

Ndidaizimitsa. Tidatulutsa katundu, tidadikira ayisi asungunuke yekha osamukanda ndi mpeni, chifukwa mpeni ndiwo umaboola mapaipi. Ndidachotsa fumbi ndi ukonde wa akangaude pozungulira kompresa, tidaikokera kutali ndi khoma kuti mphepo izidutsa, ndipo kofungulira kaja ndidakabweza pakatikati. Madzulo firiji inali ikulira kanthawi n'kupuma, kulira n'kupuma.

"Ndiye gasi simuthira?" adafunsa mayiwo mokayika.

Ndidawauza zimene ndimauza aliyense. Gasi wa mu firiji satha ngati makala pa mbaula. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti pena pabooka, ndipo mmisiri woona amayamba wapeza bowolo. Firiji yawo sinali ndi bowo. Ayisi ndiye adatsekereza makoma ngati bulangeti, moti kutentha kwa mabotolo kunkalephera kufika pa mapaipi. Mwezi wotsatira mayiwo adandiimika pa msika n'kundiuza kuti mayunitsi omwe ankatha msanga tsopano akufika nawo kutali.

Masamu ake ndi osavuta. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Tiyerekeze kompresa ya mawati 150. Ikalira maola 24 osapuma yadya mayunitsi 3.6 pa tsiku, amene ndi 108 pa masiku 30. Ikalira maola 10 okha pa tsiku yadya yuniti imodzi ndi theka, amene ndi 45 pa mwezi. Mayunitsi 63 osiyanawo ndi phindu la mabotolo angati a zakumwa? Ndipo zakumwa sizifuna kuzizira konseko. Madigiri 3 mpaka 5 akwana pa zakumwa, mkaka ndi thobwa. Nyama ndi nkhuku zosunga nthawi yaitali zimafuna madigiri 18 pansi pa ziro. Awa ndi malo awiri osiyana. Mukaika botolo la galasi pa kuzizira kwa nyama, madzi a m'kati amatupa pouma, botolo n'kuphulika. Mwataya magetsi, mwataya chakumwa, mwataya botolo.

Chimene chimandiwawa koposa ndi ntchito ya ena mwa ife amisiri. Thermostat ikafa, m'malo mogula ina amangolumikiza mawaya awiri kuti kompresa izilira mosalekeza. Mwini golosale amasangalala poona ayisi, amalipira ndalama yochepa, n'kumati wapeza katswiri. Pakapita miyezi kompresa imapsa, ndipo mtengo wake ndi wa ma thermostat ambirimbiri. Thermostat ndi imene imauza kompresa kuti basi, kwazizira mokwanira, puma. Kuichotsa kuli ngati kukoketsa ng'ombe ngolo usana ndi usiku osaimasula goli. Ine ntchito imeneyi ndimaikana, ngakhale kasitomala akwiye.

Sindikunena kuti anthu a magolosale ndi osaganiza. Mantha awo ndimawadziwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa chaka ndi miyezi magetsi ankazima maola ambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatisakaza kuno ku Phalombe, miyala ndi matope zidatsika m'mapiri, mapolo adagwa. Ndidaona ndi maso anga anthu akutsitsa mtengo wa nkhuku zosungunuka, ena akukwirira nsomba zoola. Munthu amene adaona zotere amati magetsi akabwera afinye kuzizira konse kuti kukhalitse. Koma ayisi wa m'makoma sasunga katundu nthawi yaitali. Chimene chimasunga ndi mabotolo apulasitiki a madzi ouma amene mwaika pansi ndi m'mipata, chivundikiro chotseka bwino, ndi dzanja lodziletsa kutsekulatsekula. Dipifiriza yodzaza, yosatsekulidwa, imasunga nyama youma ndi ayisi tsiku lathunthu. Ndipo magetsi akangobwera, dikirani mphindi zisanu musanayatse, kapena gulani kachipangizo koteteza firiji kotchedwa fridge guard, pakuti makompresa ambiri amene ndasintha adapsa pa nthawi yobwera magetsi.

Ogula nafenso tili ndi mbali yathu. Tikalowa m'golosale timati, "Ndipatseni ya ayisi." Wogulitsa akatipatsa yozizira bwinobwino timapita kwa mnzake. Ngakhale mu Juni, chiperoni chikuwomba kuchoka m'phiri la Mulanje, aliyense atavala juzi, mafiriji amakhala pa nambala yomwe ija ya mu Okutobala. Nyengo ikasintha, kofungulira kuzizira kasinthenso.

Ndikapita ku Limbe kukagula zipangizo ndimalowako m'masitolo akuluakulu a mu Blantyre, ndipo diso la mmisiri silipuma. Mashelefu ozizira a mkaka ndi nyama ali yasaa, opanda zitseko. Ukaima pafupi umamva mphepo yozizira ikukugwera kumapazi, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, umatsikira pansi. Makina oziziritsa sitolo akulira, chitseko cha pa msewu chili chotsekula, atsikana a pa thilo avala majuzi dzuwa likuswa mtengo panja. Wodutsa amati uku ndiye kutukuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bilu ya magetsiwo imabisala mu mtengo wa buledi ndi shuga amene tikugula. Komanso magetsi ake ndi omwewa ochoka ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene sakukwanira dziko lonse, pamene midzi yambiri ya kwathu usiku idakali kudalira tochi. Zitseko zagalasi pa mashelefuwo, makatani otseka usiku, ndi kukweza pang'ono madigiri a m'sitolo sizingaoletse kanthu, koma zingapulumutse magetsi ochuluka.

Amene amadziwa muyezo bwino ndi a zaumoyo. Katemera amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo amalemba kuzizira kwa firiji m'mawa ndi madzulo. Mitundu ina ya katemera ikangouma ndi ayisi yatha mphamvu, ngakhale ioneke bwino m'kabotolo. Kwa iwo kuzizira kwambiri ndi ngozi yofanana ndi kutentha. Ndimalakalaka wa golosale aliyense akadaganiza choncho pa katundu wake.

Pali chinanso. Kompresa iliyonse ikapsa, gasi wake kawirikawiri amathawira mumlengalenga. Pamene amalume ankayamba ntchito ankathira R12, amene maiko adagwirizana zomusiya pa pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa ankawononga ozoni, chishango chotiteteza ku ukali wa dzuwa. Adabwera R134a, amene ozoni saiwononga koma amatenthetsa dziko. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R600a, wabwino ku chilengedwe koma woyaka moto, wofuna mmisiri wosamala. Ife amene tidaona Freddy sitifunika kuuzidwa kawiri za kusintha kwa nyengo. Firiji yokhalitsa ndi gasi wosatayika.

Choncho amayi ndi abambo a magolosale, kuyambira kuno kwa Kaduya mpaka m'tauni, ndikupemphani izi. Ikani firiji pa mthunzi, patali pang'ono ndi khoma. Panani kapepala pa chitseko n'kukakoka. Kakatuluka mosavuta, labala ya pa chitseko yatha, isintheni. Thobwa lizizire kaye musanalilowetse. Ayisi akayamba kukula, sungunulani. Ngati mungathe, zakumwa zikhale kwaokha, nyama kwaokha. Gulani ka thermometer, mtengo wake sufika pa wa kompresa. Ndipo usiku, musanatseke golosale, imani pang'ono mumvetsere. Mukamva firiji yanu ikulira kenaka n'kukhala chete, musachite mantha n'kundiimbira foni. Yakwaniritsa ntchito yake, ilekeni ipume.