Chilumba Chomwe Shuga Anafikako Mochedwa

Kuti mufike pa chilumba cha Tristan da Cunha muyenera kukwera sitima yapamadzi ku Cape Town ndi kuyenda pafupifupi sabata yathunthu. Kulibe bwalo la ndege. Chilumbachi chili pakati pa nyanja ya Atlantic, ndipo chimene chimayamba kuoneka mukamayandikira ndi phiri lalitali mamita oposa 2,000, lomwe nthawi zambiri limakhala litafunda mitambo. M'munsi mwake muli mudzi umodzi wokha, Edinburgh of the Seven Seas, wa anthu pafupifupi 250. Chakumadzulo kwa mudziwo kuli timinda ta mbatatesi totchingidwa ndi mipanda ya miyala poteteza mbewu ku mphepo.

Kwa zaka zambiri anthu a kuno ankadalira mbatatesi, nsomba, mkaka ndi mazira a mbalame zam'nyanja. Shuga ndi ufa wa tirigu ankazilawa pokhapokha sitima ikadutsa. Akatswiri ochokera ku Norway atafika mu 1937 anapeza kuti mano obowoka anali ochepa kwambiri, makamaka pakati pa ana ndi achinyamata.

Kenako zinthu zinasintha. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kunabwera asilikali apamadzi, ndipo pambuyo pake kunamangidwa fakitale ya nkhanu. Anthu anayamba kulandira malipiro, nkumagula shuga, masiwiti ndi mabisiketi m'sitolo. Phiri lija litaphulika mu 1961, anthu onse anasamutsidwira ku England. Madokotala amene anawapima kumeneko anapeza kuti mano ambiri anali atawola. Anthu ake anali omwewo, koma chakudya chinali chitasintha. Ambiri anabwerera kwawo mu 1963.

Zimene zinachitikazi nzosavuta kumvetsa. Tizilombo tokhala pa mano timadya shuga ndi kutulutsa asidi amene amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amachotsa asidiyo pang'onopang'ono, koma amafuna nthawi. Mwana amene amangonyambita siwiti kapena kumwa zotsekemera tsiku lonse sapatsa malovu mpata wogwira ntchito yake. Choncho kudya shuga pafupipafupi nkoopsa monganso kudya wambiri.

Vutoli silithera pa kupweteka kwa dzino. Munthu mano akatha amalephera kutafuna mtedza, zipatso ndi chimanga, ndipo pokalamba amangodalira zofewa, zimene kawirikawiri sizipatsa thupi zonse zofunika.

Ku Tristan da Cunha shuga ankadikira sitima. Kwa ife ali pa okala yapafupi, ndiye amene angamuchedwetse ndi makolo. Patsani ana madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera, chepetsani shuga m'phala, pewani zotolatola pakati pa chakudya, ndipo onetsetsani kuti onse m'banjamo akutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano.