Wogogoda Amene Sitimuona

Amayi anzanga, kodi munayamba mwawerengapo nkhani imene inakuletsani kuzima nyali? Ine inandipeza ndili mtsikana, ndipo kufikira lero siinandichoke m'mutu. Dzina lake ndi The Monkey's Paw, ndiko kunena kuti dzanja la pusi. Anailemba ndi Mngelezi wina, W. W. Jacobs, ndipo inasindikizidwa m'chaka cha 1902.

Nkhaniyo imayamba mwabata. Kunja kuli mvula ndi mphepo, m'nyumba bambo White ndi mwana wawo Herbert akusewera chess, mayi akuluka pafupi ndi moto. Kenaka kunafika mlendo, msilikali wochokera ku India, ali ndi dzanja louma la pusi lopatsa munthu zinthu zitatu zimene wapempha. Iye analiponya pamoto, koma bambowo analiwombola. Anapempha mapaundi 200 okha, oti amalizire ngongole ya nyumba. M'mawa mwake Herbert anaphedwa ndi makina kuntchito, ndipo eni ntchitowo anapereka chipukutamisozi cha mapaundi 200.

Tsono taonani m'mene mlembiyu amatigwirira. Munthu wodzanena za imfayo sanalowe msanga ayi. Anaima pachipata katatu nabwerera, nalowa ulendo wachinayi, ife mitima ili kale m'mwamba. Ndiponso mtembowo sitiuona. Timangomva bambo akuuza akazi awo kuti mwanayo anamuzindikira ndi zovala zokha. Mawu ochepawo akwanira. Zotsalazo timadzijambulira tokha, ndipo palibe mlembi angajambule zoopsa kuposa zimenezo.

Patapita sabata chiikire maliro, mayi anadzidzimuka usiku nakakamiza amuna awo kupempha kuti mwanayo abwerere. Anapemphadi. Sipanachitike kanthu. Kandulo inatha, wotchi inapitiriza kulira, ndipo ife tinayamba kupuma bwino. Apa ndiye pali msampha. Bambo atatsika kukatenga kandulo ina, machesi anazima m'manja, ndipo pachitseko panamveka kugogoda kwapansipansi. Iwo anati ndi khoswe. Koma mayi anakumbukira kuti manda ali pa mtunda wa mamailosi awiri. Imani pamenepo pang'ono, amayi: nthawi yonse ija ife tinali kupuma, wina anali kuyenda mumdima kulinga kwawo.

Kugogoda kunakula. Mayi anathamangira kuchitseko, koma mpiringidzo wam'mwamba sanaufikire, nayamba kukoka mpando. Bambo nawo ali chogwada, kufufuza dzanja lija mumdima. Analipeza, napempha kachitatu, ndipo chimene anapempha mlembi satiuza. Chitseko chitatseguka, panali msewu wopanda munthu ndi nyali yophethira.

Ndili mtsikana ndinali kumbali ya bambowo, kupemphera kuti chitsekocho chisatseguke. Koma zaka zitapita tinaika mlongo wanga, amene anafa pangozi ali mnyamata, ndipo kwa miyezi ingapo ndinali kuwapeza amayi anga ali tsonga pakati pa usiku, khutu lili kuchitseko. Sanali kuopa. Anali kudikira. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti Jacobs anaika anthu awiri kumbuyo kwa chitseko chimodzi, wina wofuna kutsegula, wina wofuna kutseka, ndipo onse awiri anali kumukonda mwanayo.

Mwezi wathawu ndinaiwerenganso. Nditafika pa mpiringidzo paja, ndinapezeka ndikuwafulumizitsa mayi White kuti akoke mpandowo msanga.