Kagalimoto kamene kanaleka kuopa mvula

Pa msika wina m'boma la Dedza pali mmisiri wokonza mawailesi, matochi ndi zipangizo za sola. Mlongo wake wa ku Johannesburg anamutumizira kagalimoto kakale koyendera rimoti ka mtundu wa T-Maxx, kamene kampani ya Traxxas ya ku America inayamba kupanga mu 1999. Kagalimotoka n'kamene kanakopa achinyamata angapo kuti ayambe kuphunzira ntchito pashopu pake.

Vuto linali injini. Simwa petulo, koma mafuta osakaniza a methanol, nitromethane ndi oilo, amene sapezeka m'magolosale akumudzi. Mafutawo atatha, kagalimotoko kanangokhala pashelefu, ndipo achinyamata ena anayamba kujomba. Ngakhale mafuta akanakhalapo, dzinja likanakalepheretsabe. Injini yotere imakoka mpweya kudzera pa sefa yokhala poyera, ndipo madzi akalowa mu silinda safinyika ngati mpweya, choncho amatha kupinda kachitsulo kokankha pisitoni.

Mmisiriyo anaganiza zokasandutsa kamagetsi, ndipo ntchito yonse anaigwira pamodzi ndi ophunzira ake. Anachotsa injini, thanki ndi paipi ya utsi. Anadula chitsulo cha aluminiyamu n'kupanga pokhalira mota. Pomanga motayo analowetsa kapepala pakati pa mano a magiya awiri, kuti kakachotsedwa patsale mpata wochepa. Magiya othinana amatenthetsa mota, olekana kwambiri amadyana mano. Mota ya brushless, kabokosi kolamulira liwiro kotchedwa ESC ndi batire ya LiPo anachita kuitanitsa kwa mlongo wake. Batireyo ili ndi maselo 4, lililonse la mavoti 3.7, onse pamodzi 14.8. Selo limadzaza pa 4.2 ndipo siliyenera kutsika kupitirira 3.0. Amaitchaja kuchokera ku batire ya sola ya mavoti 12, pogwiritsa ntchito tchaja yolinganiza maselo.

Phunziro lalikulu linali la madzi. Ophunzirawo ankayesa kuti mota ndiyo ingafe msanga ikanyowa. Anawaonetsa kuti mawaya a mkati mwa mota ndi okutidwa kale ndi vanishi, ndipo chimene chimavutika ndi mabeyaringi, amene amachita dzimbiri. Zoopa madzi kwenikweni ndi timabolodi: ka risiva, ka ESC ndi ka sevo yokhotetsa matayala. Madzi amatope amakhala ndi mchere wosungunuka umene umadutsitsa magetsi pamene sayenera kudutsa. N'chifukwa chake anapaka timabolodito vanishi yotetezera, natsekera risiva m'kabokosi, namata girisi pamene mawaya akutulukira. Zitsulo zoziziritsa ESC sanazikute, pakuti kutentha kumaononga mofanana ndi madzi.

Anaikanso lamulo: kagalimotoko kakabwerako kumatope, batire ichotsedwe poyamba, matope atsukidwe, zonse ziume, kenaka mabeyaringi adonthezedwe oilo. Batire yotupa kapena yoboola isatchajidwenso, chifukwa imatha kuyaka. Ndi ntchito yosakoma kwa mnyamata wofuna kusewera, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvula itayamba mu Disembala, kagalimotoko kanadutsa m'zithaphwi za pamsika osazima, ndipo ojomba aja anabwerera. Phindu lenileni linaoneka pambuyo pake. Alimi amabwera pashopupo ndi masipuleya a batire ndi mapampu a sola othirira madimba, ambiri atafa chifukwa cha chinyontho cholowa pa switchi kapena dzimbiri pa mawaya. Zipangizo zimenezi nazo zili ndi batire, bolodi ndi mota. Tsopano wophunzira akalandira sipuleya yakufa sathamangira kunena kuti mota yapsa. Amayamba wayeza mavoti a batire, napala dzimbiri, naumitsa bolodi, ndipo nthawi zambiri mlimi amabwerera kumunda tsiku lomwelo osagula ina.