Nsalu yomwa kutentha ku New Orleans

Sitima yamagetsi ya mu Canal Street amalipiritsa $1.25, ndipo imakutsitsa pakhomo pa City Park. Kuchokera apo ndinauyamba wapansi kulowera kumpoto, mitengo ikuluikulu ili kumanzere, kumanja kuli madzi odikha a Bayou St. John onunkha matope. Ndi makilomita angapo. Mpweya wakuno ndi wolemera ndi chinyontho, moti shati inandikakamira kumsana ndisanafike n'pakati pomwe.

Kumene pakiyo yathera, kufupi ndi nyanja ya Pontchartrain, kuli Southern Regional Research Center, malo a kafukufuku a unduna wa zaulimi wa ku America. Ndi amodzi mwa malo anayi amene lamulo la 1938 linakhazikitsa kuti mbewu zimene zinkasowa msika azipezere ntchito zatsopano. Akuno thonje ndiye nkhani yawo yaikulu.

Nditaonetsa chiphaso n'kulowa, thukuta lija linasanduka chisanu. Makina oziziritsa mpweya!

Mayi amene ankandionetsa malo anayamba ndi mbiri ya Ruth Benerito, mmodzi mwa akatswiri amene anapeza njira yoti nsalu ya thonje isamakwinyike ikachapidwa, panthawi imene nayiloni ndi poliyesitala zinkalanda msika wa alimi. Anatchulanso za madzi a mphepo yamkuntho ya Katrina amene analowa m'nyumbayi mu 2005. Kenaka tinadzera kumakina opota ulusi, kumene umachita kukuwa kuti mnzako akumve, timaubweya ta thonje tikuuluka n'kumakutekenya m'mphuno.

M'chipinda china chachete, chonunkha mankhwala pang'ono, anandipatsa kansalu kuti ndikagwire. Ndinakatembenuza uku ndi uku. Nsalu wamba basi.

Chinsinsi chake sichioneka ndi maso. M'zaka za m'ma 1980, Tyrone Vigo ndi anzake anayesa kuviika nsalu m'mankhwala otchedwa polyethylene glycol, n'kuifinya, n'kuiumitsa pamoto kuti mankhwalawo amangirirane ndi ulusi, asamachoke pochapa. Njirayi anaitcha Polytherm. Mankhwalawa khalidwe lawo lili ngati la mafuta a nyama otsala m'mbale, amene amalimba kukazizira n'kufewa kukatentha. Pofewa amamwa kutentha kochokera m'thupi, munthu n'kumva kupepukidwa; kunja kukayamba kuzizira amalimbanso, ndipo kutentha kumene anasunga kuja amakubweza. Palibe batire, palibe waya.

Ndinafunsa ngati shati yotere ikanandipulumutsa pa msewu uja. Mayiwo anapukusa mutu. Mankhwalawo akamwa kutentha mpaka kukhuta, amaleka, ndipo amadikira kuti kuzizire kaye. Amathandiza kwenikweni munthu amene nyengo ikumusinthira pafupipafupi, monga wosewera pa chipale chofewa amene thupi limamutentha akamathamanga n'kumuzizira akaima, ndipo zovala za anthu otere zinali m'gulu la zoyamba kupangidwa ndi njirayi. Yankholo linandikomera chifukwa sanafune kundigulitsa chozizwitsa.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti zonsezi ndi ntchito ya unduna wa zaulimi. Anthuwa analilondola thonje kuchoka kumunda mpaka pakhungu pa wovala, podziwa kuti mtengo umene mlimi amalandira umadalira ngati wogula m'sitolo akuifunabe nsaluyo.

Pobwerera miyendo inakana, ndinaitanitsa galimoto pafoni.