Tinafika Mochedwa ku Nakoli

Mwezi wa Novembala Mpingo umatikumbutsa kupempherera abale athu amene anatsogola. M'mwezi umenewu, chaka cha 2024, ife amuna atatu a imvi, amene tinaphunzira limodzi ku Chassa m'manja mwa Abulaza a Marist, tinakwera basi ya mbandakucha ku Chipata kulinga ku Kabwe. Tinali kukaona manda a mnzathu amene tinakhala naye m'kalasi imodzi kuyambira 1985 kufikira 1989. Maliro ake sitinaike nawo. Uthenga unatipeza pa foni m'mwezi wa Juni, ndipo aliyense wa ife anapeza chifukwa chomveka bwino chokhalira kunyumba: wina zokolola, wina ntchito ya ku parishi, wina mawondo.

Dzina lake tilisunga, pakuti banja lake silinatitume kulilengeza. Koma amene anaphunzira nafe zaka zimenezo amuzindikira msanga tikangoti ndi mnyamata uja wa mamita 400. Mpikisano umenewu ndi wozungulira bwalo kamodzi kokha, ndipo ndi wankhanza: kwa munthu wa liwiro ndi wautali, kwa munthu wa mpweya ndi waufupi. Mnzathuyu ankauthamanga wopanda nsapato. Ankayamba ngati mwana amene watumidwa kumsika mosafuna, anzake n'kumusiya m'mbuyo, ife m'mbali mwa bwalo mitima ili m'mwamba. Pofika pokhotera pomaliza, pamene miyendo ya ena yalemera ngati mitondo, iye ndiye ankadzuka, ndipo ankawapitirira mmodzimmodzi mutu uli chopendekera kumanzere. Masamu ankamuvuta, ndipo sitibisa kuti nthawi zina ankaonera kwa ife. Ifenso tinkadyera ulemu wake tikapita kukapikisana ndi masukulu ena ku Chipata. Pa guwa ankatumikira mokhulupirika, kungoti chofukizira lubani ankachigwedeza ndi liwiro lomwe lija, mpaka wansembe wina wokalamba anamupempha kuti azingonyamula makandulo.

Chaka cha 1991, Samuel Matete atapata mendulo ya golide ku Tokyo pa mamita 400 odumpha zotchinga, tinamva pa wailesi, ndipo tinauzana kuti mnzathu uja akanapeza womuphunzitsa akanafika kutali. Kaya tinali kunena zoona, kaya chinali chikondi chabe cha anyamata a sukulu imodzi. Nthawi imeneyo iye anali atapita kale ku Kabwe, kumene malume ake anamupezera ntchito ku mgodi.

Za msewu wa Kum'mawa sitichulutsa mawu. Mumaudziwa, owerenga athu, ndi zitunda zake za ku Luangwa ndi nsomba zouma za pafupi ndi mlatho. Tinagona ku Lusaka. M'mawa mwake basi ya ku Kabwe, potuluka mumzinda, inadutsa pafupi ndi Independence Stadium, pamene anaika osewera mpira athu amene anafa usiku wa pa 27 Epulo 1993. Ndege ya asilikali imene inanyamula timu ya dziko pa ulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anathera pomwepo, 18 mwa iwo osewera. Mmodzi wa ife anavula chisoti.

Kabwe inalira kwambiri pa maliro amenewo. Whiteson Changwe, Richard Mwanza ndi Moses Masuwa anali a Kabwe Warriors, ndipo mphunzitsi wa timu ya dziko anali Godfrey Chitalu, uja ankamutcha Ucar, amene zigoli zake 107 za chaka cha 1972 mwana aliyense wa ku Kabwe amaziwerenga ngati katekisimu. Bwalo limene kale linkatchedwa Railway tsopano lili ndi dzina lake. Tawuni imeneyi imadziwa kukumbukira anthu ake a masewera, ndipo tinalowamo tikuganiza kuti nayenso mnzathu, ngakhale pang'ono chabe, amakumbukiridwa chotero.

Kabwe ndi tawuni ya njanji ndi mgodi. Azungu ankaitcha Broken Hill, atapezako miyala ya mtovu ndi zinki chaka cha 1902. Pakati pa tawuni pakali mkuyu waukulu umene apaulendo akale ankasonkhanapo, koma mgodi unatsekedwa chaka cha 1994. Unasiya mulu wakuda wa zotsalira, ndi fumbi la mtovu limene lalowa m'magazi a ana a ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu. Unasiyanso amuna ambiri opanda ntchito. Mnzathu anali mmodzi wa iwo, wa zaka 25, ndi mkazi ndi khanda. Ndimo m'mene anasamukira ku Nakoli.

Nakoli ndi komboni, ndipo sidzionetsa ngati china. Nyumba zina ndi za njerwa za simenti, zina za zidina, malata ena otsamiritsidwa ndi miyala. Mvula yoyamba inali itagwa usiku, ndipo tinayenda chodumphadumpha m'tinjira tamatope, pakati pa amayi ogulitsa makala, kapenta ndi timilu ta tomato. Chibemba ndicho chimamveka kwambiri, Chilenje ndi Chinyanja zikutsatira. Kumeneko munthu safunsa nambala ya nyumba, amafunsa mwini wake. Tinatchula dzina, tinawonjeza kuti ndi malemu uja anali katswiri wothamanga. Anthu anayang'anana. Wothamanga? Bambo wina wokonza nsapato anati m'dera lonselo sanamvepo za munthu wotero. Pomaliza kamtsikana kena kanafunsa ngati tikunena bashikulu a njinga, amene ankayenda ndi ndodo, ndipo kanatitsogolera.

Pakhomo tinalandiridwa ndi mwano. Mayi wina wachikulire, Mbemba, amene amatsogolera mphakati wa kumeneko (iwo amati citente), atangomva kalankhulidwe kathu anaomba m'manja. "Afika akudya mbewa! Munali kukumba kuuna miyezi isanu yonseyi? M'bale wanu tinamuika ife, ndipo mutilipira." Anatipaka ufa kumaso, ndipo sanatilole kukhala pansi tisanaponye kangachepe m'mbale. Amene sadziwa chimbuya cha Abemba ndi ife a Kum'mawa akanati mayiyu alibe ulemu. Ife tinamuthokoza mumtima, pakuti ananena moseka chimene tinkaopa kuti mkazi wamasiye anena molira.

Mlamu wathu sananene chotero. Anagwada, natipatsa moni mmodzimmodzi, "Mwayenda bwanji, alamu?" ndipo anatuma mdzukulu kukagwira nkhuku. Tili kudikira nsima, iye ndi mayi uja anatifotokozera za munthu amene ife sitinamudziwe.

M'zaka zimene matenda a Edzi anali kutha anthu, mankhwala asanafike kwa osauka, maparishi anayambitsa magulu osamalira odwala m'makomo. Ambiri m'magulumo anali amayi. Mnzathu analowa, pakuti panafunika mwamuna wonyamula. Njinga yake, imene masana ankagulitsira makala, usiku inali ambulansi ya Nakoli: wodwala pa keriya, atamangidwa ndi chitenje kumsana kwake, mayi mmodzi akugwirizira pambuyo. Munthu akatsala pang'ono kutsirizika, iye ndiye ankapita kukagogoda kwa ansembe kuti adzamudzoze. Mayi wa citente anati tsiku lina njinga itaphulika tayala anapita wapansi, nabwera ndi wansembe madzi a pamoto asanawire, ndipo onse anadabwa. Ife atatu tinayang'anana osanena kanthu. Ankasambitsa amuna amene abale awo ankaopa kuwakhudza. Ankakumba nawo manda. Sanali woyera wa pa chithunzi ayi. Mlamu anati panali zaka zina zimene mowa unamugwira, ndipo iye anabwerera kwa makolo ake kawiri. Koma anausiya, ndipo pa Misa ya m'mawa sankasowa mpaka matenda a shuga anamudya phazi lamanja.

Apa ndi pamene tiyenera kuulula chathu. Chaka cha 2022 anatilembera uthenga pa gulu lathu la WhatsApp la anzathu a sukulu. Anati tikamuone akadali ndi miyendo iwiri. Tinayankha ndi tizithunzi ta manja opemphera. Kumbali tinauzana kuti munthu wa ku komboni akaitana anzake akale ndiye kuti akufuna ndalama, ndipo tinagwirizana kuti tidzasonkha kanthu tikakolola. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ife amene talemba izi ndife katekisiti, taphunzitsa ana kwa zaka zambiri kuti kuzonda odwala ndi imodzi mwa ntchito za chifundo, ndipo mayeso amenewa tinalephera poyera. Tinamufunsa mlamu ngati panali ngongole kapena chosowa chimene malemu ankafuna kutiuza. Anapukusa mutu. Anati citente inkabweretsa ufa, ndipo mwana wawo wamkazi amasoka zovala. "Ankangofuna wocheza naye za kusukulu, alamu. Kuno akanena kuti ankathamanga, ana ankaseka."

Madzulo anatiperekeza kumanda. Pamtumbira panali kachitsulo kolembedwa ndi penti, ndipo dzuwa linali litayamba kale kufufuta zilembo. Tinapemphera Kolona, mayi wa citente akuyambitsa m'Chibemba, ife tikuyankha m'Chinyanja. Tinalonjeza kugula mwala, ndipo ulendo uno ndalama tinazisiya m'manja mwa mlamu tisananyamuke, podziwa m'mene malonjezo athu amathera. Mmodzi wa ife anapempha kuti pamwalapo alembepo kuti anali katswiri wa mamita 400. Mlamu anaganiza pang'ono, nati dzina, zaka ndi mtanda zikwanira, chifukwa wolemba amalipiritsa chilembo chilichonse.

Titabwerera kunyumba tinatulutsa chimene tinanyamula kuchokera ku Chipata: chithunzi cha 1988, anyamata anayi a liwiro lopatsirana kamtengo ataima mondondozana, atatu ovala nsapato za nsalu, mmodzi wopanda. Mlamu anali asanachionepo. Anachigwira ndi manja awiri nthawi yaitali, kenaka anaseka, "Kuonda kwakeko!" Mdzukulu uja wa nkhuku, mnyamata wa zaka ngati khumi, anasuzumira paphewa la agogo ake, nafunsa kuti mamita 400 ndi kuchokera pati kufika pati. Tinatuluka naye panja, tinayesa ndi maso, tinamuonetsa kuchokera pa mpopi wa madzi kukafika pa mtengo wa mango wa kutsidya ndi kubwerera. Anavula mapatapata ake natipatsa kuti timugwirire.