Seiko 5 ya Ada

Anzanga a mu staff room andiseka sabata yonseyi. Akuti ndikumayang'ana padzanja pafupipafupi ngati mnyamata amene wavala wotchi koyamba. Ana a Fomu 3 nawo aona kale, moti mmodzi anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, chiwotchi chakalecho mwachitola kuti?" Ndinamuuza kuti nkhaniyo ndi yaitali ndipo belu lalira kale. Ndiye poti lero n'Loweruka, ndamaliza kuchonga ndipo kunyanja kuli bata, ndati ndikhale pansi ndikufotokozereni.

Amene munaphunzira kwa ine mukudziwa matenda anga a mawotchi. M'kabati mwanga muli kachitini ka mabisiketi momwe munali mawotchi 7: Casio F-91W ija ndimavala poyang'anira mayeso, Citizen imene ndinagula ku Taifa Market ku Mzuzu, Orient yopanda lamba, ndi ena oti ngakhale wokonza anawalephera. Mayi a kunyumba amati kachitiniko ndi manda a mawotchi. Zoona zake n'zakuti onsewo ndinkagula chifukwa chosowa imodzi.

Bambo anga, amene ife ana tinkawaitana kuti Ada monga achitira Atonga, anapita ku Joni kudzera ku WENELA mu 1972, ngati anyamata ambiri a kuno ku Kande ndi ku Chintheche masiku amenewo. Anagwira ntchito mu mgodi wa golide. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa WENELA kulembanso anthu kuno. Ada anabwerera ndi sutikesi, wailesi, suti imodzi ndi wotchi ya Seiko 5. Mukumudziwa Mtonga pa nkhani yotchena. Lamulungu popita kutchalitchi ankakweza pang'ono dzanja la jekete kuti wotchiyo izioneka. Ine ndili mwana ndinkaiika pakhutu n'kumamvera kugunda kwake. Ndikafunsa kuti batire yake ili pati, ankaseka n'kunena kuti, "Iyi imadya thukuta la mwini wake."

Mu 1996 ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Ku pulayimale tinali titasiya kulipira mu 1994, koma ku sekondale kunkafunika fizi, matiresi, yunifomu ndi ya thiransipoti. Chaka chimenecho usipa sunatiyendere bwino. Tsiku lina m'mawa Ada anatsikira kudoko, ndipo pobwera masana padzanja pawo panangotsala mzere woyererako pamene pankadutsa lamba. Anali ataigulitsa kwa munthu wina wa geni ya nsomba wochokera ku Lilongwe. Sananene kanthu, nanenso sindinafunse. Ndinangolonjeza mumtima kuti malipiro anga oyamba ndidzawagulira ina. Malipiro oyambawo atabwera anathera m'mapoto, mpando ndi ngongole. Achiwiri chimodzimodzi. Ada anatisiya mu 2008 akuonerabe nthawi padzuwa.

Nditayamba kugwiritsa ntchito intaneti pafoni ndi pamene ndinadziwa chimene ndinkafunacho. Seiko 5 inayamba kupangidwa ku Japan mu 1963. Nambala 5 imeneyo amati ikuimira zinthu zisanu: siifuna batire kapena kupukusa, imaonetsa tsiku ndi deti pa kawindo kamodzi, siilowa madzi wamba, kamutu kosinthira nthawi kanabisika pafupi ndi 4 koloko, ndipo chitsulo chake n'cholimba. M'kati mwake muli kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi. Dzanja likamayenda, kachitsuloko kamazungulira n'kumakunga sipuling'i. Choncho Ada sankanama za thukuta zija.

Chithunzi cha Ada atavala wotchiyo tili nacho chimodzi chokha, chosaoneka bwino. Ama ndi amene anandiuza kuti nkhope yake inali yabuluu ngati nyanja ya masana. Poyerekeza ndi zithunzi zambirimbiri ndinafika poganiza kuti inali ya mtundu wa makina otchedwa 6119. Ndinaphunziranso kuwerenga nambala ya kumbuyo: chilembo choyamba chimanena chaka, chachiwiri mwezi, ndipo October, November ndi December amalemba O, N ndi D. Komanso ndinadziwa kuti pa intaneti padzaza ma Seiko 5 opentedwanso nkhope, a zitsulo zotolatola, amene osunga mawotchi amawatcha Mumbai special.

Nzeru zonsezi sizinandipulumutse. Mu 2021 munthu wina pa Facebook anaika chithunzi cha wotchi yokongola, akuti ali ku Blantyre. Ndinamutumizira K35,000 pafoni. Mpaka lero nambala yake siipezeka. Ine amene ndimalalikira ana kuti aziganiza asanayankhe funso! Nkhaniyi sindinauzeko aliyense ku sukulu, mukuimva lero.

Mu 2024 ndinaiona ina pa Facebook Marketplace. Mkulu wina wa ku Benoni ankagulitsa katundu wa malemu mchimwene wake, ndipo pakati pa katunduyo panali Seiko 5 ya nkhope yabuluu. Mtengo R1,600. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye randi inali itakwera mutu. Mwana wanga wamkazi anali Fomu 2 ndipo teremu yatsopano inali pafupi. Usiku umenewo sindinagone. Ndinadzifunsa kuti, kodi Ada anagulitsa wotchi kuti mwana aphunzire, ine ndidye fizi ya mwana kuti ndigule wotchi? M'mawa ndinawafotokozera mayi a kunyumba. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bambo, fizi ya mwana musaikhudze. Koma m'manda anu aja muli mitembo ina yoti ingagulitsidwe." Ndinagulitsa mawotchi 4, kuphatikizapo Citizen ija, n'kuwonjezera kandalama kamene ndinapeza pochonga mayeso.

Ulendo uno sindinafune kutumizira ndalama munthu wosamudziwa. Ndinakumbukira mwana wanga wina wakale wa pano pa Kande amene amagwira ntchito pa galaja ku Johannesburg. Amene munali naye kalasi imodzi mumudziwa, chifukwa palibe amene anatchetcha udzu pa mlandu wochedwa kuposa iyeyo. Ameneyo ndiye ndinamutuma kukandionera wotchi! Anaseka mpaka kutsokomola, koma Lamulungu lake anakwera takisi mpaka ku Benoni. Anandiimbira pa WhatsApp ali pakhomo pa mkuluyo. Ndinamuuza atembenuze wotchiyo andiwerengere nambala. "Aphunzitsi, ikuyamba ndi 3, kenako N." November 1973, nthawi imene Ada anali pansi pa mgodi. Ndinati aigwedeze pang'ono. Muvi wa masekondi unayamba kuyenda. Iye analipira marandi kumeneko, ine n'kutumiza makwacha kwa amayi ake kuno pa Airtel Money, monga timachitira.

Inabwera ndi munthu wa pabasi, itakulungidwa mu sokosi. Masiku 9 amene inali panjira ndinavutitsa mnyamatayo ndi mafoni mpaka ndinachita manyazi. Nditailandira ku Mzuzu ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo. Anaitsegula, kuitsuka, kuithira mafuta, n'kundiuza kuti makina ake ndi enieni. Imathamanga ndi theka la mphindi patsiku. Kwa chinthu chimene chadutsa zaka 50, ine ndilibe nacho mlandu.

Ndisanafike kwanga ndinadzera kwa Ama. Anapukuta manja pachitenje, n'kuilandira ndi manja awiri, n'kuiika pakhutu. Kenako anayendetsa chala pagalasi.

"Si imeneyi, mwana wanga. Ya abambo ako inali ndi chipsera apa, anaigunditsa kubwato."

"Ndikudziwa, Ama. Ndi yofanana chabe."

Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza chimene sindinkachidziwa. Akuti wa nsomba uja anabweranso patapita zaka ziwiri atavala wotchiyo, ndipo anali wokonzeka kuibweza pa mtengo womwewo. Ndalama Ada anali nayo chifukwa anali atangogulitsa chinangwa. Anaigwiragwira, n'kumubwezera mwini wake. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndikulowa Fomu 3.

Ndiye kuti anaigulitsa kawiri. Zaka zonsezi ndinkangodziwa za kamodzi.

Wotchiyi ndikuivala tsiku lililonse. Lachisanu lina ndinaisiya patebulo, pofika Lamulungu madzulo inali itaima, siifuna ulesi. Mwana wanga wamkazi wanena kale kuti idzakhala yake, ndipo ndamuuza kuti ayambe wakhoza MSCE.

Inu ana anga akale amene muli ku Joni, ku Lilongwe ndi kwina konse, ngati makolo anu ali moyo, afunseni chimene anagulitsa chaka chimene munalowa Fomu 1. Ambiri sanena okha. Ndipo ngati wina akudziwa wokonza mawotchi akale kufupi kuno, kaya ku Chintheche kaya pa boma ku Nkhata Bay, andiuze, chifukwa ku Mzuzu thiransipoti yake yapweteka.

Tionana Lolemba. Musachedwe, nthawi ndili nayo padzanja.